Batani la Gulani ndi Mawu a Abambo

Gulu: shopu ya amayi 🧶
Lachitatu

[08:47] Amayi: Chisamba uli pafupi ndi foni? Mayi a kuseri kwa nyumba aja abweranso. Akuti dzulo lonse amafuna kugula chipewa cha mdzukulu wawo pa intaneti paja, koma batani la Gulani silikudinika

[08:48] Amayi: Ndangowapatsa pamanja. Nanga akutali atani

[08:53] Chisamba: mwadzuka bwnj mami. ndili ku ntchito kale. pa laptop likudinika bhobho, ndayesa pompano

[08:54] Amayi: Iwowo alibe laputopu. Ali ndi foni ngati anthu onse

[08:54] Amayi: Ndipo usaiwale kuti lero 2 koloko ndili pa wailesi. Akanditsegulira pakamwa ndikatchula adiresi ya shopu anthu onse akumva

[08:57] Chisamba: ndayesa pa foni

[08:57] Chisamba: mayo ine

[08:57] Chisamba: silikudinikadi

[08:59] Chisamba: komanso izi ndi chani?? ndangotsegula shopu kwabwera chigudumu chozungulira akuti ndiwine mphatso. ndachitseka kwabwera bokosi lofuna email. nyenyezi zikugwa sikirini yonse. pakona pali ka mtsikana kakundiuza hello dear

[09:04] Amalume: Mwadzuka bwanji nonse. Musade nkhawa, zimenezo ndi zanga. Ndinaona malonda a mlongo wanga aima chiimire, ndiye ndinaikamo ma app okopa makasitomala. Mashopu akuluakulu onse ali nazo.

[09:05] Chisamba: amalume password ija ndinakupatsani kuti muziika zithunzi za zipewa 😭

[09:05] Amalume: Zithunzi ndinaika. Zinazo ndi chikondi chabe.

[09:11] Amayi: 🎤 [uthenga wa mawu, 0:51] Iwe Chisamba, tamvera bwino, ndilankhule kamodzi. Tebulo langa la kumsewu ndinalisiya chifukwa cha iwe. Unati amayi miyendo yatupa, adokotala akukana, khalani pakhomo muziluka, malonda azichitika pa foni. Ndinakumvera. Zinkayendadi, sindinama. Koma chisinthireni maonekedwe a shopu aja, foni yanga yangoti zii, ngakhale oda imodzi. Zipewa ndi timabulangete ta ana zadzaza pa sofa, alendo akusowa pokhala. Lero ndikachita manyazi pa wailesi, mawa m'mawa ndikutulutsa tebulo langa. Miyendo itupe itupe, ndi yanga.

[09:13] Chisamba: mami kumsewu simubwererako. ndipatseni mpaka 1

[09:14] Amayi: Ndamva

[09:20] Chisamba: ok plan ndi iyi. theme ndiye maonekedwe a shopu aja, ndinasintha ine. ma app onse amakhala m'kati mwake, iliyonse ili ndi ka switch kake. imodzi mwa izo ikutchinga batani. ndipanga copy ya theme, ndizizimitsa imodziimodzi mu copy mo, inu amalume muziyesa pa foni. shopu yeniyeni sindiikhudza mpaka titapeza wolakwa

[09:22] Amalume: Gudumu langa usalichotse. Ndinalikonza tsiku lathunthu.

[09:22] Chisamba: sindikuchotsa, ndikungozimitsa. mukazimitsa getsi babu imakhala pompo

[09:23] Amalume: Ndipo wolakwa wamupeza kale mumtima mwako, ndikudziwa. Ana a masiku ano.

[09:23] Chisamba: sindinatchule munthu kkkk

[09:26] Amayi: Za amalume ako zimitsa zonse, ngakhale iwo amene uwazimitse. Koma kamzere kachikasu ka m'munsi kaja, ka mawu a bambo ako, usakakhudze

[09:27] Chisamba: ndikudziwa mami. nditasintha theme ndi kamene ndinayamba kuyatsa

[09:29] Amayi: Analemba okha aja, ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno, mwezi umene anatisiya. Lowani lowani, kuona sikugula, koma mukaona mugula. Ndi mmene ankaitanira anthu kumsewu. Ndikatsegula foni m'mawa ndimayamba kuwerenga pamenepo

[09:30] Amalume: Alamu anali ndi pakamwa pa malonda, tisaname.

[09:31] Chisamba: sindikakhudza

[09:31] Chisamba: kwabwera odwala, ndibwera

[10:18] Amayi: Chisamba

[10:40] Amayi: Chisamba nthawi

[10:52] Chisamba: sorry kuno mpando uliwonse pali munthu wagwira tsaya. adokotala akuzula mano ngati akukolola. ine ndikulemba mayina ndi dzanja limodzi, linalo lili pa laptop pansi pa kauntala

[10:53] Chisamba: copy yatheka. amalume nayi link ya preview. ndazimitsa gudumu. tsegulani chipewa chilichonse mudine Gulani

[10:58] Amalume: Ndadina.

[10:58] Chisamba: ndiye?

[10:59] Amalume: Silikudinika. GUDUMU LILIBE MLANDU.

[10:59] Chisamba: ok ok. nyenyezi off. yesaninso

[11:03] Amalume: Kulibe kanthu. Nyenyezi nazonso zatuluka m'chitokosi.

[11:04] Chisamba: 🙄

[11:04] Chisamba: koma mwaona kuti yayamba kutseguka msanga?

[11:06] Amalume: Network yakhala bwino basi.

[11:31] Amayi: Ndivale diresi yobiriwira kapena yamaluwa

[11:32] Amalume: Mlongo, ndi wailesi. Sakakuonani.

[11:32] Amayi: Amene akandifunse mafunsoyo alibe maso?

[11:33] Chisamba: yobiriwira mami. ndi nsapato zofewa zija pls, osati zothina

[11:49] Chisamba: bokosi la email off

[11:55] Amalume: Chimodzimodzi. Ndikuyesa ndili pa khonde la amayi ako, ndabwera kudzawatenga. Akusitabe.

[12:20] Amalume: Iwe watha kodi?

[12:34] Chisamba: abwana anaima kumbuyo kwanga. ndinatseka laptop mpaka ndadzipana chala

[12:35] Chisamba: ka hello dear off. panalinso wotchi yowerenga masekondi, nayonso off. inalipo ya chani amalume, imathera kuti?

[12:36] Amalume: Sithera paliponse. Ikafika ziro imayambiranso. Munthu amagula msanga akaona nthawi ikutha.

[12:36] Chisamba: ambuye

[12:44] Amalume: 🎤 [uthenga wa mawu, 0:38] Eee, tili m'galimoto, amayi ako ali pambali panga apa akumbatira chikwama cha zipewa ngati wina awalanda. Ndaima kaye pambali kuti ndiyese bwinobwino, asadzanene kuti ndinadina ndikuyendetsa. Ndadina ndi chala chachikulu, ndadina ndi chaching'ono, ndawapatsa amayi ako adine okha. Batani lili duu. Tsono mwana wa mlongo wanga, zanga zonse wazimitsa. Zonse! M'mawa muja munandiweruza musanandimve. Ndikudikira kupepesa, sindikufulumira, ndine munthu wodekha.

[12:46] Chisamba: pepani amalume

[12:46] Amalume: Sizinamveke bwino.

[12:46] Chisamba: PEPANI AMALUME

[12:47] Amalume: Ndalandira.

[12:47] Amayi: Inu mukusewera nthawi ikupita

[12:58] Chisamba: yatsala app imodzi yoyaka

[12:59] Amalume: Iti?

[13:00] Amalume: Ooo.

[13:06] Chisamba: mami ndayesa mu copy mokha, mu shopu yeniyeni mawu alipo sanasunthe. ndangozimitsa kamphindi kuti ndione

[13:06] Chisamba: batani ladinika

[13:07] Chisamba: theme yatsopanoyi pa foni imaika Gulani m'munsi mwenimweni. kamzere ka adadi kamakhalanso pompo. malire ake osaoneka akuphimba batani, ndiye munthu amaona Gulani koma chala chimagunda kamzere. pa laptop batani limakhala pambali, nchifukwa chake sindinaone

[13:08] Chisamba: mami

[13:12] Chisamba: mami ndaona mwawerenga

[13:15] Amayi: Ayi

[13:15] Chisamba: kwa lero lokha mami. ndikungozimitsa, mawa tiganiza

[13:17] Amayi: Ndinakuuza m'mawa. Tsiku limene anthu ambiri akubwera kudzaona shopu ndi limene ndiwabise bambo ako? Ayi. Lisadinike. Adiresi sindikatchula, ndikangokamba za kuluka. Kumsewu ndinakhalako zaka, sindinafe

[13:18] Chisamba: mami miyendo

[13:18] Chisamba: mami chonde

[13:21] Chisamba: 📞 mwaimba, sanayankhe

[13:24] Amalume: Usavutike kuimba. Tafika, awalowetsa kale. Mafoni salola m'katimo, yawo ili m'thumba mwanga pamodzi ndi magalasi a dzuwa.

[13:25] Amalume: Bwerera ku theme yakale ija basi.

[13:26] Chisamba: yakale inasiya kuonetsa zithunzi pa mafoni ena, ndi chifukwa tinaisiya. munthu sangagule chipewa asanachione

[13:27] Amalume: Ndiye ichotse app yo, mawuwo uwalembenso pena. Ndi mawu omwewo.

[13:28] Chisamba: ndikapanga uninstall zimene analemba adadi zifufutika. zotsalazo ndikhala nditalemba ine. mami adzadziwa. ngakhale asadziwe ine ndidzadziwa

[13:29] Amalume: Zoona. Ndalankhula mopusa.

[13:29] Chisamba: ndalowa mu app mwenimwenimo. muli mawu, muli mtundu, mulibe china. ndikufuna kulira amalume ndipo pano pali mwana akulira kale

[13:31] Amalume: Usalire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tamvera, gudumu langa lija poyamba linkatulukira pakona, ine ndimalifuna pakati. Mu app ndinafufuza mpaka mutu kuwawa, osapeza. Ndinakazipeza mu theme, pomwe pali ka switch paja. Pambali pa dzina pali ka muvi kakang'ono. Ukakadina kamatsegula zina pansi pake.

[13:32] Chisamba: ka muvi?

[13:32] Chisamba: dikirani

[13:34] Chisamba: AMALUME

[13:34] Chisamba: pali position!! bottom / top

[13:34] Chisamba: tsiku lonse ndimangoyang'ana switch ka muvi kali pomwepo

[13:35] Amalume: Tsiku lathunthu la gudumu lija silinapite pachabe.

[13:36] Chisamba: ndaika top, ndayatsa, save. yesani link ija msanga

[13:39] Chisamba: amalume

[13:40] Chisamba: AMALUME MULI KUTI

[13:41] Amalume: Alonda amandifunsa za galimoto. Ndatsegula. Mawu a alamu ali pamwamba, achikasu, onse bwinobwino. Ndadina Gulani.

[13:41] Chisamba: NDIYE

[13:42] Amalume: Chipewa chalowa m'dengu. Ndadinanso mwangozi, zalowa ziwiri.

[13:42] Chisamba: 🔥🔥🔥🔥 eeeeeh

[13:43] Chisamba: koma dikirani. iyi ndi copy. kuti anthu aione ndiyenera kudina publish. mami anati ndisakhudze. kusuntha ndi kukhudza

[13:44] Chisamba: afunseni pls

[13:50] Amalume: 🎤 [uthenga wa mawu, 0:47] Iwe, kuno n'kovuta. Ndili m'kakhonde kopapatiza, kapeti pansi, aliyense akuyenda monyang'ama. Amayi ako ndikuwaona pa galasi, awaveka mahedifoni aakulu, mutu wonse wamira. Akhala chilili ngati akudikira jekeseni. Ndagogoda galasi, mnyamata wa makina wanditulutsira maso. Ndayesa ndi manja, ndaloza pansi, ndaloza kumwamba, ndiye amayi ako angoyang'ana kudenga n'kugwedeza mutu, akuyesa ndikuwauza kuti apemphere. Chitseko chakhomedwa, getsi lofiira layaka. Palibe kufunsa pano.

[13:51] Chisamba: nditani

[13:52] Amalume: Anakuletsa kuwabisa bambo ako. Wawabisa?

[13:52] Chisamba: ayi

[13:53] Amalume: Wasintha chilembo?

[13:53] Chisamba: ngakhale kadontho

[13:54] Amalume: Dina. Akakwiya unene kuti ndinalamula ndine. Ndazolowera kukhala wolakwa chiyambire m'mawa.

[13:54] Chisamba: ma app anu ndiwasiya ozimitsa

[13:55] Amalume: Ngakhale gudumu?

[13:55] Chisamba: amalume

[13:55] Amalume: Lipume.

[13:56] Chisamba: adokotala akundiitana eish

[13:57] Amalume: Dina kaye!

[13:58] Amalume: Chisamba

[14:00] Amalume: Nyimbo yoyambira yayamba

[14:02] Amalume: IWE MWANA

[14:04] Chisamba: published

[14:04] Chisamba: ndadina ndi chigongono, m'manja munali thireyi ya zitsulo. tsegulani shopu yeniyeni osati link ija

[14:05] Amalume: Zili momwemo. Likudinika.

[14:06] Chisamba: koma mami sakudziwa!! anati adiresi satchula

[14:06] Amalume: Ndisiyire ine.

[14:08] Chisamba: ndaika earphone imodzi. akukamba za ulusi. mawu awo atsika ngati odwala

[14:13] Chisamba: muulutsi wafunsa kuti anthu angawapeze kuti

[14:13] Chisamba: mami akuti "aa, pakadali pano..."

[14:13] Chisamba: amalume chitanipo kanthu

[14:14] Chisamba: bwanji kwangoti zii

[14:14] Chisamba: wailesi yafa kapena

[14:15] Chisamba: AKUTCHULA

[14:15] Chisamba: AKUTCHULA ADIRESI AMALUME

[14:15] Chisamba: abwereza kawiri 😭😭

[14:16] Chisamba: "lowani lowani, kuona sikugula, koma mukaona mugula" ANENA PA WAILESI. muulutsi akuseka mpaka kutsokomola

[14:21] Amalume: 🎤 [uthenga wa mawu, 1:12] Hahaa! Mwana iwe, unayenera kuona! Atangofunsa funso lija ine ndinadziwa kuti apa ndi pomwe pafera nkhani. Ndatenga foni yanga, kuwala ndakweza mpaka kumapeto, ndaimata pa galasi, phaa! Mnyamata wa makina waimirira kuti andigwire, ine ndamuuza ndigwire bwino koma dzanja ili ulisiye. Amayi ako acheuka. Asuzumira, sakuona. Avula magalasi, apukuta ndi diresi yobiriwira ija, avalanso, dziko lonse likudikira. Aona mawu a alamu pamwamba. Ine ndadina Gulani iwo akuona, chipewa n'kulowa m'dengu. Chachitatu chimenecho, kaya ndiveka ndani. Ndiye anangoti mpweya fuu, kukoka maikolofoni ija ngati ndi yawo, n'kuyamba. Iwe, si mlongo wanga wa m'galimoto uja ayi. Ndi mayi wa kumsewu uja, amene ankaimitsa munthu ali pa njinga kuti agule chipewa cha mwana amene sanabadwe!

[14:23] Chisamba: amalume ndinu ngwazi

[14:23] Amalume: Sizinamveke bwino.

[14:23] Chisamba: kkkkkk NGWAZI

[14:25] Amalume: Iwe, foni ya amayi ako yalira m'thumba. Kabelu kaja.

[14:25] Chisamba: ndi oda!!! ndaiona kuno. kabulangete koyera

[14:26] Amalume: Yaliranso.

[14:26] Amalume: Yaliranso

[14:27] Amalume: Ntchafu yanga yachita dzanzi. Ndiizimitse?

[14:27] Chisamba: MUSAYEREKEZE

[14:29] Chisamba: ndakuwa pa reception. abambo ena otupa tsaya andifunsa chavuta nchani, ndawaonetsa. agula tinsapato ta mdzukulu ali pa mzere pomwepo, akuti dzino liziwawa koma mwana afunde

[14:30] Amalume: Mnyamata wa makina uja wasiya kundilondera. Akufunsa ngati zipewa zofiira zilipo, akazi ake ndi oyembekezera.

[14:31] Chisamba: zilipo!! zili pa sofa kumanzere pansi pa za buluu

[14:44] Amalume: Atuluka. Ndawapatsa foni ikulirabe. Angoiyang'ana. Tikupita kugalimoto.

[14:45] Chisamba: akwiya?

[14:46] Amalume: Nkhope sindikuimvetsa. Ndikuyendetsa tsopano.

[14:52] Chisamba: mami mwalankhula bwino kwambiri

[14:58] Chisamba: mami ndinasuntha mawu a adadi osakufunsani. sindinasinthe kalikonse, ndangowakweza. ngati simukufuna ndibweza m'munsi, ka muvi kake ndakadziwa

[15:10] Chisamba: mami

[15:33] Chisamba: amalume mwafika?

[15:36] Amalume: Tafika. Alowa kuchipinda ndi foni, atseka. Ine andipatsa mapepala apulasitiki, akuti ndiyambe kulongedza. Sofa yayamba kuoneka. Ndinaiwala kuti ndi yofiirira.

[15:37] Chisamba: koma anena chani za ine

[15:37] Amalume: Palibe.

[16:09] Amayi: 🎤 [uthenga wa mawu, 1:03] Chisamba. Ndinalowa kuchipinda kuti ndikukalipire bwinobwino popanda amalume ako kulowerera. Ndakhala pabedi, ndatsegula shopu, ndayang'ana. Ndiye ndayamba kuseka ndekha ngati wamisala, kenaka ndalira, kenaka ndasekanso. Iwe unali kusukulu, sunkaona. Bambo ako kumsewu kuja ankaima kutsogolo kwenikweni kwa tebulo. Lowani lowani, lowani lowani, anthu n'kubweradi, koma pofika apeza chimunthu chatchinga katundu yense, chikuwafunsa za kwawo ndi za mpira. Ine ndili kumbuyo, bambo a Chisamba tasunthani anthu agule! Osamva. Tsiku ndi tsiku, tasunthani, tasunthani. Mpaka ku intaneti anakaimanso pomwepo, abale inu! Ine ndinalephera zaka zonsezo. Iwe wawasuntha tsiku limodzi.

[16:11] Chisamba: mami 😭😭😭

[16:11] Chisamba: ndiwabweze?

[16:13] Amayi: Asiye pamwamba pomwepo. Akuona bwino aliyense wolowa

[16:14] Amalume: Popeza mitima yakhala pansi, nkhani ya gudumu ija

[16:14] Amayi: Achimwene, longedzani

[16:15] Amayi: Mukamaliza mutenge tebulo la kumsewu lija kuseri kwa chitseko, mupite nalo kwanu. Likundipanikiza malo

[16:16] Chisamba: mami zoona??

[16:19] Amayi: Poweruka udzere kogula ulusi. Woyera ndi wachikasu. Usatenge wochepa